Ndinazimitsa Laputopu ngati Chigayo

Sindine munthu wa nkhani zambiri. Koma iyi ndiinena ndekha, chifukwa amayi a pamjigo akuinena molakwika. Akuti ndinalira. Sindinalire. Zinazo n'zoona.

Ndimagwira ntchito pa chigayo kwathu kuno kwa Kaduya. Sukulu ndinalekera Sitandade 7. Makina ndimawadziwa ndi khutu. Lamba akalefuka ndimamva. Sefa ikang'ambika ndimamva ufa usanatuluke. Palibe anandiphunzitsa.

Mkazi wanga, mayi a Tadala, ndi mphunzitsi wa pulayimale. Nthawi imeneyo amachita dipuloma yophunzirira kunyumba, ndipo amalemba kafukufuku wake womaliza pa laputopu. Laputopuyo inali yokalamba. Ukaiyatsa umatha kupita kukasamba n'kubwera isanadzuke. Mkati inkalira tsekete tsekete. Ine kulirako ndinkakukonda. Makina ogwira ntchito amamveka.

Kenako anaitengera kwa a Geresomu, okonza makompyuta ku Boma, kuseri kwa msika. Munthu wamagalasi, malaya osita, zala zoyera ngati sanagwirepo khasu. Wosakwatira. Zaka pafupifupi makumi anayi, koma wosakwatira. (Ndanena kawiri dala.) Iwo anachotsa diski yakale, chosungiramo zonse zolembedwa, n'kuikamo yatsopano yotchedwa SSD. Laputopu inayamba kudzuka munthu asanakhale pansi. Kulira kunatheratu. Zii.

Dzina lija linalowa m'nyumba mwanga.

"A Geresomu akuti SSD isamadzaze mpaka pakamwa, izitsalako malo."

"A Geresomu akuti osaiika pa bulangete, imatentha."

Ine ndakhala ndikunena zaka zonsezi kuti wailesi osaiika pa bulangete. Palibe anapitapo kwa anzake kukati "a bambo a Tadala akuti."

Lachinayi lina mayi a Tadala anabwera kuchokera ku Boma atanyowa ndi mvula.

"Loweruka ndibwererakonso," anatero. "Pali apudeti ya fameweya."

"Ya chiyani?"

"Timalamulo ta mkati mwa SSD momwemo. Opanga atumiza tatsopano. Talowa kale, kwangotsala kudina. Koma akuti ndisadine ndekha, ayambe akopera zonse pambali. Lero mvula inatithamangitsa."

"Kudina kokha mpaka ku Boma?"

"Si chigayo ichi, bambo a Tadala."

Anayankhula mosaganizira, akupukuta tsitsi. Ine mawuwo ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Kafukufuku uja amayenera kuperekedwa patatha masabata awiri. Ndinkadziwa. Koma m'mutu mwanga munali Loweruka lokha, ndi malaya osita aja.

Lachisanu m'mawa mkazi wanga anapita kukalima nandolo kumunda wa mayi awo, poti sukulu zinali zotseka. Ine ndinatenga laputopu, kuiika m'thumba la ufa lochapa, ulendo ku chigayo komwe kuli magetsi. Ndinati ndidina ndekha. Madzulo ndidzangonena kuti, "Za Loweruka zija zatha, musavutike." Ndinayeserera kanenedwe kake panjira. Kawiri.

Ndili pa chikamwini, ndiye pamzere wa chigayo theka la anthu amakhala abale a mkazi wanga. Tsiku limenelo kutsogolo kunali mlamu wanga Esinati, mng'ono wake wa mayi a Tadala, wa pakamwa posatseka.

"Alamu, lero mukugaya laputopu? Mgaiwa kapena woyera?"

"Dikirani."

"Eni ake akudziwa?"

"Eni ake ndine."

Ndinailumikiza pomwe timatchajira mafoni. Mawu otsegulira ndinkawadziwa, ndi dzina la mwana wathu. Kabokosi ka apudeti kanabwera kokha. Chizungu changa n'chochepa, koma batani lalikulu aliyense amaliona. Pansi pake panali mawu ofiira. Anali ambiri. Ndinawadumpha.

Ndinadina.

Sikirini inada. Panatuluka kamzere kakang'ono, kakukwawa pang'onopang'ono. Ndinapinda manja kuti amayi aja aone kuti zinthu zili m'malo. Kamzere kanafika chapakati n'kuima. Kenako laputopu ija, yomwe inakhala chete miyezi itatu, inayamba kufwenthera. Fuuu! Mpweya wotentha m'mbali. Ndinaikapo dzanja, moto.

Apa mundimvetse. Pa chigayo pali lamulo limodzi lomwe sitikambirana. Chigayo chikatsamwa, ufa waima, mota ikubuula ndi kutentha, suyamba wafunsa munthu. Umazimitsa. Ukachedwa kamphindi mota yapsa, mudzi wonse ukagayitsa kutali. Dzanja langa limadziwa zimenezi kuposa mutu wanga. Ndinazula chingwe. Inapitirira kufwenthera chifukwa cha batire. Ndinakanikiza batani loyatsira osalisiya mpaka inati zii.

"Ndaipulumutsa," ndinatero.

"Mwaipulumutsa kwa ndani?" anafunsa Esinati.

Ndinaisiya izizire monga timachitira ndi mota. Ndinagaya matumba atatu. Kenako ndinaiyatsa. Mdima, ndi mawu oyera ochepa pamwamba. Ndinazimitsa, kuyatsanso. Omwewo. Ndinaimenya pang'ono m'mbali ndi chikhatho. (Pang'ono. A pamjigo akuti ndi sipanala. Bodza.) Omwewo.

Munthu wanzeru akanaimira pomwepo. Ine ndinatenga sikuludiraiva.

Nditatsegula pansi pake ndinaona malo aakulu opanda kanthu, poonekeratu kuti panali chinthu. Pambali pake kanthu kotalika ngati chala, kopyapyala ngati lumo. Basi. Ndinayang'ana dzenje lija, ndinayang'ana kanthu kaja, ndipo mtima wanga unasangalala. Ndikuvomera. Laputopu ya mkazi wanga yafa m'manja mwanga, ine ndikusekerera.

"Taonani!" ndinauza mzere wonse. "Wachotsa chitsulo chenicheni, waikamo lumo! Munthu wa magalasi uja ndi wakuba!"

"Alamu," anatero Esinati, "tsekani mubweze komwe mwatenga."

Sindinamve. Ndinasiyira chigayo mnzanga wosinthana naye, kukulunga laputopu ndi chivundikiro chake m'thumba, timasikuluwu m'kapepala ka shuga, njinga ulendo ku Boma. Ola lathunthu ndinapalasa ndikukonza mawu.

Mu shopu munali anthu anayi. Ndinakhuthula thumba pa tebulo. Ufa pang'ono unatuluka nawo.

"Diski ya mkazi wanga ili kuti?"

A Geresomu anaimirira, kundipatsa mpando. Chimenecho chinandipsetsa mtima kwambiri. Munthu ukabwera kudzalimbana naye asamakupatse mpando.

"Ndinu bambo a kwa madamu aphunzitsi? Takulandirani, bambo. Amakutchulani kwambiri."

"Ndafunsa diski."

"Yakale ija? Ndinawapatsa tsiku lomwelo. Tiyeni tiwafunse."

Anaimba foni, n'kuikweza kuti tonse timve. Mawu a mkazi wanga anadzaza shopu.

"Ili m'sutikesi, pansi pa zitenje. Bwanji?"

"Bambo ali kuno, madamu."



"Ali ndi laputopu?"

A Geresomu anayang'ana pa tebulo, anayang'ana ine. "Ali ndi zidutswa zake."

Munthu wina kumbuyo anatsokomola. Sikunali kutsokomola.

Mayi a Tadala anafika pa kabaza, matope a kumunda akadali m'miyendo, diski yakale ili m'manja. Sanandiyang'ane. A Geresomu anachotsa kanthu kaja, kukalumikiza pa kompyuta ina, kenako ina. Anayesa mpaka dzuwa kupendeka. Ndipereke ulemu pomwe ukuyenera: anayesetsa. Pomaliza anavula magalasi.

"Inadulidwa ili pakati polemba timalamulo tatsopano. Takale yafufuta, tatsopano sinamalize. Tsopano siikudzidziwa n'komwe. Kuima kuja ndi kutentha kuja ndiye kugwira ntchito kwake, bambo. Mawu ofiira aja amati musazimitse."

"Ntchito yanga?" anafunsa mkazi wanga.

"Ya m'menemu sindingaifikire. Pa diski yakale pali zonse mpaka tsiku lomwe tinasintha."

Miyezi itatu. Mitu iwiri yathunthu ya kafukufuku, ndi mayankho onse a makolo omwe anayenda khomo ndi khomo kukafunsa. Mkazi wanga sanakuwe. Anangokhala pa mpando womwe ndinakana uja, n'kundifunsa motsitsa mawu:

"Munkafuna chiyani, bambo a Tadala?"

Ndinali ndi yankho. Linali Loweruka. Koma pamaso pa mwini wake wa malaya osita sindikanalinena. Ndinati, "Imatentha."

Mwamwayi mayankho a makolo analinso m'makope olemba pamanja. Kunatsala kutayipa zonse kachiwiri, masiku khumi ndi atatu. A Geresomu anabwezeramo diski yakale yochedwa ija. Kunyumba magetsi athu a sola sakwanira tsiku lonse. Ndinati azikalembera ku chigayo.

"Pafupi ndi inu? Ayi."

A Geresomu anati pakona pa shopu pali tebulo, magetsi alipo, palibe vuto.

Ndiye onani mmene zinathera. Ine amene ndinkaletsa ulendo umodzi wa Loweruka, ndinanyamula mkazi wanga panjinga kupita kwa munthu yemweyo masiku khumi ndi atatu otsatizana. M'mawa kukamusiya, kubwerera kukagaya, madzulo kukamutenga. Masiku ena ndimafika msanga n'kukhala pa benchi panja. A Geresomu amanditumizira tiyi. Ndimamwa. Anali wabwino tiyiyo, ndipo zimenezo zimandiwawanso.

Kafukufuku anaperekedwa tsiku lomaliza, masana. Anakhoza. Buku lake litabwera lomangidwa bwino, ndinalitsegula ndili ndekha. Kumayambiriro kuli tsamba lothokoza anthu. Chizungu changa chinakwanira pamenepo. Ndilimo: mwamuna wanga, amene anandinyamula panjinga. Za zinazo sanalembe, ndipo ndikuthokoza.

Koma ndinawerenga mizere. A Geresomu itatu. Ine umodzi ndi theka, ndipo ali pamwamba ndi iwo.

Laputopu sindiigwiranso. Ikafwenthera ndimatuluka panja. Chimenecho ndaphunzira. Za mizere zija ndinafunsa tsiku lina, mwaulemu, ngati sangalembenso tsambalo.

"Ndingalembenso," anatero mayi a Tadala. "Koma ndikalemba zanu zonse zifika tsamba lathunthu. Mukufuna?"

Ndinati umodzi ndi theka ndi wokwanira.