Chishalo Changa, Miyendo ya Eni

Lolemba
Bondo lakumanja likupweteka, sabata yachitatu tsopano. Akunyumba akuti ndi ukalamba. Mabuku akuti ndi chishalo cha njinga: chatsika kwambiri. Ndikukhulupirira mabuku.
Lamulo lake ndi losavuta. Khala pachishalo, ika chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke, chiuno chisamagwedere popalasa. Ndayeza, ndakweza, ndalemba mzere ndi choko.
Loweruka aphunzitsi tonse tikupalasa kuchokera kuno ku Bolero mpaka ku Kazuni. Chaka chatha ndinafika womaliza, ndikukankha njinga. Chaka chino ayi.

Lachiwiri
Kusukulu, kupita ndi kubwera: bondo lili zii! Sayansi sinama.
Masana a Msiska, mkulu wa mpingo woyandikana naye nyumba, abwereka njinga kukaona wodwala. Mkulu wa mpingo samanidwa njinga. Yabwera chishalo chili pansi. A Msiska, ponditchula mphunzitsi m'chinenero chakuno: "Ndakukonzerani, asambizgi. Munali pamwamba chomene, ngati mukuthyola mapapaya."
Ndathokoza. Ndakweza.

Lachitatu
Okwera lero:
akunyumba, kuchigayo (atsitsa);
mlamu wanga, kumsika (watsitsa, n'kupendeketsanso);
a Msiska, kwa wodwala yemwe uja (apeza chotsitsidwa kale, atsitsabe).
Choko chafufutika. Ndakanda mzere ndi msomali.
Ndafotokozera banja modekha kuti mapazi sayenera kuponda pansi munthu uli pachishalo. Ukafuna kuima, umatsikira kutsogolo. Akunyumba: "Ndiye ndikakumana ndi ngolo ya ng'ombe pakona, ndiziuluka?"
Funso ndi lomveka, miyendo yawo ndi yaifupi. Ndapempha kuti ndiwayeze. Akana.

Lachinayi
Ndabisa sipanala pansi pa makope a Fomu 2. Zachabe. Dera lonse lino la Nkhamanga lili ndi masipanala. A Msiska yawo amayenda nayo m'chikwama cha Baibulo!
Bawuti yomangira chishalo yatha mano. Pochokera kusukulu chishalo chikutsika chokha pang'onopang'ono, pofika pakhomo ndili ngati ndakhalira kabenchi ka Sande sukulu. Bondo layambiranso.

Lachisanu
M'mawa. Yankho lapezeka: kuwotcherera. Chitsulo chikagwirana ndi chinzake, sipanala ilibenso mawu. Ndakweza mpaka pa mzere wa msomali. Ndili ndi makalasi mpaka masana, choncho mlamu ndiye akupita ndi njinga kwa wowotcherera. Ndamuuza kawiri kuti aikankhe, asakwere. Ndalembanso kapepala: "Wotchererani pomwe chili. Musasunthe."
Madzulo. Ntchito yaukhondo, yolimba, yosiririka. Pomwe chinali.
Kungoti mlamu anakwera. Ndipo kuti akwere, anatsitsa. "Ndimati ndikweza ndikafika, alamu, koma munthu uja atawerenga pepala lanu anakana kuti ndichikhudze."
Wowotcherera akuti kuchimatula n'kuononga njinga yonse. Ndapita kukaona ndekha ngati akunena zoona. Akunena zoona.

Loweruka
Kazuni. Zomwe ndaona:
mvuu, m'madzi;
njovu, patali;
misana ya aphunzitsi anzanga, ulendo wonse.
Maondo akugunda handulo ngati akuodira. A hedi pondipitirira: "Mwabwereka ya mwana, bambo a sayansi?"
Ndafika womaliza, anzanga atadya kale. Pobwerera ine ndi njinga takwera lole ya chimanga. Pamatumba bondo silikudandaula.

Lamulungu
Bondo latupa. Ndatsala pakhomo, mwendo uli pampando.
Akunyumba apalasa kupita kutchalitchi, khosi lili njo, mapazi akufika pansi onse awiri. Potuluka m'mapemphero a Msiska adzera kudzandiona. Aizungulira njinga, agogoda powotcherera paja. "Yewo chomene, asambizgi. Mwamvera malangizo."
Ndawerengera mofatsa. Okwera njingayi tilipo anayi. Atatu akuti chishalo chili pamalo pake. Pa nkhani ya masamu sinditsutsa.
Mawa kusukulu ndipita wapansi, motsimphina. Njinga aibwereka kale mpaka Lachitatu.