Tsiku Limene Kenelo ya Apongozi Inachita Mantha

Mpaka lero ndikafika kwa apongozi ku Kasenengwa, amayamba abisa wailesi kenako n'kundilonjera. Tochi amaiika pansi pa pilo. Ngakhale tambala wa pakhomopo amandizemba (tsiku lina anabwerera chambuyo mpaka kukhola osandichotsa diso, ndipo mboni zilipo). Ndinena mmene zinayendera popanda kuwonjezera kanthu, poti ine bodza limanditsegula m'mimba.

Ndimagwira ntchito pashopu ya fotokope m'tauni ya Chipata. Ntchito yanga yeniyeni ndi kudina batani lobiriwira, koma pa nthawi yofunsira ukwati ankhoswe anga ananena kuti "mnyamatayu amagwira makompyuta," ndipo ine sindinatsutse. Kulima sinditha. Mzere wanga umayambira m'munda mwathu n'kukathera m'munda wa eni. Choncho ulemu wanga wonse kwa apongozi unkatsamira pa makompyutawo.

Apongozi anga aakazi ndi mtsogoleri wa kwaya ya kutchalitchi kwawo. Wansembe wina pobwerera kwawo anawasiyira laputopu yakale, yolemera ngati mphero, yomwe poyaka imaonetsa kambalame koyera pamimba, kwakuda kumsana, kokhuta bwino. M'menemo munali nyimbo yatsopano yoti akaimbe pa mpikisano wa makwaya ku Chipata Loweruka. Mphunzitsi wa nyimboyo anajambuliramo mawu onse anayi, sopulano, alito, tena ndi besi, n'kubwerera kwawo ku Mchinji. Kwina kulikonse nyimboyo kunalibe.

Vuto linali loti laputopuyo inkaimba ngati udzudzu. Apongozi anagula chisipika chopanda nthambo ku Mwami, koma ziwirizi zinakana kumvana. Lachinayi m'mawa ndinaitanidwa. Kwaya inali yoti ifike 2 koloko.

Tsono kwathu kuno mkamwini salankhulana maso ndi maso ndi apongozi aakazi, ndipo ife tinali titasunga mwambowu zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinakhala pakhonde ndi laputopu, iwo m'nyumba kuseri kwa chitseko, mkazi wanga Esnati pakhomo ngati wa kasitomu wa pamalire. Mawu onse ankadzera mwa iye, ndipo ena ankalandidwa panjira.

"Uwafunse apongozi, aitha?" anatero mawu a m'nyumba, kunena ine.

"Uwauze kuti izi n'zazing'ono, ndimachita ndili m'tulo," ndinayankha.

"Akuti ayesa," anatero Esnati.

Ndinakwera pachulu pamene pamagwira netiweki, n'kufufuza pafoni. Munthu wina wa kutali analemba kuti laputopu yakale siona masipika atsopano chifukwa kenelo yake ndi yokalamba, ndipo mankhwala ake ndi kuisintha padisiki imene makinawo amayakira. Analemba molimba mtima, ndiye ndinamukhulupirira. Ndinakoka pa intaneti kenelo yatsopano, yoyamba imene ndinaiona, n'kutsika pachulupo ngati Mose.

"Amayi akufunsa kuti kenelo n'chiyani," anatero Esnati.

"Uwauze kuti ili ngati njere ya nshawa. Zonse akuonazi, galasi, mabatani, ndi makoko chabe. Moyo uli m'kanjere ka mkati."

Ndinadzimva kukoma. Kenako m'nyumbamo munatuluka funso: "Ndiye kuti akusintha mbewu?"

"Eya, ndikuika ya makono."

"Yakaleyo asungako?"

Apa m'pamene pali nkhani. Malo amene kenelo imakhala padisikipo ndi ochepa, ndipo laputopu inali itandiuza kale kuti mwadzaza. Kuti yatsopano ilowe, ndinafufuta yakale. Makinawo anandifunsa m'Chingerezi ngati ndatsimikiza. Anandifunsanso kachiwiri (ndikulumbira, zilembo zake zinkaoneka ngati zagwada). Koma mwamuna safunsidwa kawiri ndi chiwiya pakhomo pa apongozi.

"Uwauze ndasunga," ndinatero.

Esnati anandiyang'ana monga amandiyang'anira ndikanena kuti ndamwa imodzi yokha, koma mawuwo anawadutsitsa.

Ndinazimitsa, n'kuyatsanso. Kambalame kaja sikanabwere. M'malo mwake tizilembo toyera tinatsika pagalasi lakuda ngati linthumbu, kenako tizilembo tonseto tinaima. Kanyali kena ka pambali kanayamba kuphethira. Pakati pa zolembazo panali mawu awiri amene ngakhale ine ndinawamva: kenelo paniki.

"Yati chiyani?" anafunsa apongozi.

Esnati anafika giredi 12. Anasuzumira, ndipo ulendo uno wa kasitomu sanalande kanthu.

"Amayi, akuti kenelo yachita mantha."

"Yaopa ndani?"

Apongozi anafunsanso:

"Pakhondepo pali munthu wina kupatula apongozi?"

"Ayi amayi, ali okha."

"Oho."

Ndinazimitsa ndi kuyatsa kakhumi ndi kamodzi. Ndinachotsa batire n'kuipukuta ndi malaya. Ndinauzira m'timabowo tonse. Ndinaisunthira pamthunzi. Pomaliza ndinaitembenuza kuti iyang'ane kumunda, n'kuidina ndili kumbuyo kwake, poganiza kuti mwina ikapanda kundiona ilimba mtima (musaseke, inunso mukanayesa). Ndinazungulira pang'onopang'ono n'kusuzumira. Inali ikadali ndi mantha.

Itakwana 2 koloko kwaya inafika, anthu makumi atatu, n'kukhala pamikeka moyang'anizana nane. Mayi wina wa alito anati tiwaze madzi odalitsidwa. Bambo wina wa besi anati mwina yafuna kulapa. Kenako m'nyumba muja munatuluka mawu odekha kwambiri.

"Esnati, uwauze apongozi asavutike. Angobwezeramo mbewu yakale ija anasunga."

Thukuta linatsika kumsana mpaka m'nsapato, ndipo masokosi ake ndikadali nawo kwa wofuna umboni.

"Uwauze kuti... inali italowa anankafumbwe," ndinanong'ona.

"Limenelo mukanene nokha," anatero mkazi wanga mokweza, n'kuchoka pakhomo.

Kwaya inayesa kuimba za m'mutu. A sopulano anakumbukira chiyambi, a alito anakumbukira mapeto, a tena anakumbukira kuti nyimboyo inali yokoma. A besi anangolowa nyimbo ya maliro, poti ndiyo inkagwirizana ndi nkhope yanga.

Lachisanu m'mamawa ndinakulunga laputopu ndi chisipika m'chitenje, n'kukwera minibasi ya ku Chipata nditazifukata ngati mwana wodwala. Ndinapita kwa sisitere wina wachikulire amene amasamala makompyuta a kuparishi. Anabaya kafulashi kake, laputopu n'kuyakira pamenepo, ndipo anayamba kulemba ndi zala ziwiri uku akudya chinangwa chophika.

"Anachita izi ndani?" anafunsa osandiyang'ana.

"Mphenzi, sisitere."

"Mu Julaye?"

"Inali yosochera."

"Mukaiuze mphenziyo kuti kenelo imene inaikamo ndi ya makina a mtundu wina. Ndipo tsiku lina ikafuna kusintha, izisiya yakale pambali mpaka yatsopano itayaka."

Chinangwa chisanathe, kambalame kanali katabwerera, nyimbo zonse zili momwemo. Ndinafunsa mwaulemu za sipika. Sisitere anaitembenuza, napeza kabowo kumbuyo, natenga kanthambo m'dilowa, n'kulumikiza. Besi anabangula mpaka kalendala inagwa pakhoma. Kenelo sinakhudzidwe n'komwe.

Kwaya inatsala ndi madzulo amodzi okha oti iphunzire mawu anayi. Loweruka anaimba ndi mtima wonse, aliyense nyimbo yake. Kwaya yokhayo imene anaiposa ndi ina imene lole yake inafera panjira.

Titatuluka muholo, ndinaima patali kuseri kwa Esnati monga mwa mwambo. Ndinangoona apongozi akubwera. Anamudutsa mwana wawo ngati mtengo, n'kuima patsogolo panga, maso awo m'maso mwanga.

"Bambo a Dalitso."

"Ine mayi."

"Chinthu changa chilichonse chokhala ndi batani, ngakhale malaya ali pachingwe, musadzachikhudze."

Anatembenuka n'kukakwera lole. Esnati akuti chimenecho chinali chitonzo cha chaka. Ine ndimati zimatengera kaonedwe: pali akamwini ambiri m'boma muno amene adzafa asanamve mawu a apongozi awo popanda womasulira.

Ndinaphunzirapo, ndipo sindikana. Tsopano ndimasunga chilichonse chakale, moti pashopu ndimachita fotokope pepala ndisanalichite fotokope. Komabe ndawerenga kuti kwatuluka kenelo ina, yoyenera makina omwe aja, ndipo akuti imamvana ndi sipika iliyonse popanda nthambo. Laputopuyo masiku ano imagona m'bokosi lokiya, kiyi wake ali pakhosi pa apongozi pamodzi ndi kolona. Esnati amadziwa kumene kuli kiyi wachiwiri. Sanandiuze, koma ukwati ndi wautali.