Sutukesi Yanga pa Sikelo ya Ba Jairosi

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa kwa miyezi itatu. Koma poti kukomboni ya Makululu konse akuidziwa kale, ndi bwino muimve kwa ine mwini manyazi. Musekeko pang'ono, kenako mundipempherere.

Ine ndine munthu womvera. Kumphakati kwathu ku Kasanda, kuno ku Kabwe, amakonda kundituma kwa odwala, chifukwa zimene wodwala wanena ndimazibweretsa monga anazinenera, osachotsa, osaonjezera. Khalidweli ndinkaliyesa mphatso.

Mwana wanga Agnesi anakwatiwa ku Nairobi. Anandigulira tikiti ya ndege kuti ndikakhalepo pa ubatizo wa mdzukulu wanga woyamba. Inali tikiti yotchipa, ya Lachitatu, yosasintha tsiku. Pafoni anandiuza kawiri konse: "Amama, mukaiphonya ndegeyi, basi. Ina sindingakwanitse."

Ine amene ulendo wanga wautali unali wa basi ya ku Chipata, mantha anayambira pomwepo. Ndinapita kwa Bana Chanda, mnzanga wa kutchalitchi amene amakwera ndege kukaoda zovala. Anandikhazika pampando nayamba kuwerenga pa zala.

"Mvelani bwino, Amake Agnesi. Vakudya va pa airport ni vodula, nyamulani mbatata zanu. Botolo ya manzi ngenani nayo ilibe kanthu, muzatapa mukati. Sutukesi mukulunge mweka na plastic kunyumba, kuja balipilisa. Osauza munthu aliyense vili mukati. Manje chikulu ni ichi: twenty-three kg. Mukapitiliza, muzalipila ndalama yogulila mbuzi!"

"Nanga ndikapimitsa kuti?"

"Kwa Ba Jairosi ku Makululu, baja bogula vinsimbi vakale. Yendani m'mawa banthu bakalibe kuchuluka. Sibafunsa vambili."

Mawu onsewa ndinawasunga mumtima ngati Katekisimu.

Lolemba m'mawa ndinamanga sutukesi panjinga ya malemu amuna anga, n'kuyamba kukankha. Ndinali nditaikulunga ndi mapulasitiki akuda ndi selotepu mipukutu iwiri. Kunena zoona, inkaoneka ngati chinthu chimene munthu wachifukula pansi.

Ba Jairosi ndinawapeza pakati pa milu ya zitsulo zadzimbiri, akupima katundu wa anthu awiri atatu. Anandithandiza kuikweza pasikelo yawo ya pansi ija. Muvi unagwedezeka, n'kuima.

"Twenty-two!" anatero Ba Jairosi.

Ndinapuma mpweya wautali. Ndisanamalize n'komwe kunena "zikomo Ambuye", galimoto inaima pachipata. Munatuluka wapolisi wamtali ndi mayi wina wovala za ku ofesi, atanyamula faelo. Bambo wina amene anali ndi wilibala anaisiya pomwepo n'kulowa m'kanjira osacheuka.

Ku Kabwe kuno aliyense amadziwa chimene apolisi amafuna kwa ogula zitsulo: mawaya a magetsi obedwa ndi zidutswa za njanji. Ndinayang'ana mtolo wanga wakuda uja. Unkaoneka ngati ndabisamo zomwezo.

"Ni ya bandani iyi?" anafunsa wapolisiyo.

"Ndi yanga, bwana."

"Musaigwile. Isiyeni pamene ili."

Mayi Maria! M'mutu mwanga ndinaona ndege ikunyamuka mpando wanga uli wopanda munthu, ine ndili m'chitokosi, mdzukulu wanga akuthiridwa madzi agogo ake kulibe.

"Bakuuzani ma kg angati?" anafunsa mayi wa faelo uja.

"Twenty-two."

Analemba. Cholembera chake chinkamveka ngati chikukanda pamtima panga.

"Zina na nambala ya foni. Mwina muzafunika ku khoti."

"Kukhoti? Liti?"

"Sitiziba. Olo week ino."

Pamenepo ndinagwira korona m'thumba mpaka mikanda inandipweteka m'dzanja. Ndinadziuza kuti: iwe, nena chilungamo chokhachokha, chilungamo chidzakumasula.

"Malo yano munayaziba bwanji?" anafunsa wapolisi, akuyang'ana kwina ngati wongocheza.

"Bana Chanda anandituma. Anati ndibwere m'mawa anthu asanachuluke, chifukwa Ba Jairosi safunsa zambiri."

Wapolisi anatembenuka pang'onopang'ono. Tsopano anandiyang'anitsitsa.

"Oho? Muli chani mukati umu?"

"Anati ndisauze munthu aliyense."

"Anakulunga ni ndani?"

"Ndekha, kunyumba. Anati ukakulungiratu wekha umadutsa nazo osalipira."

"Kudutsa kuyenda kuti?"

"Kunja kwa dziko, bwana. Lachitatu."

Mayi wa faelo anasiya kulemba. Ba Jairosi anakweza manja m'mwamba.

"Ba officer, ine aba amayi sinibaziba! Lelo ndiye first time kubaona!"

Wapolisi anagogoda sutukesi ndi kandodo kake. Pamwamba, phi. Pambali, phi. Pakati, ngwee! Chitsulo chinalira mpaka kumsewu. Anthu a ku Makululu sachita kuitanidwa. Azimayi ogulitsa tomato, okankha mawilibala, ena ndi miswachi m'kamwa, onse anadzaza pampanda.

"Ni copper!" anafuula wina.

"Na chitenje cha ku church, sure? Awe mwandi!"

Sindikudziwa kuti ndinagwada nthawi yanji. Ndinangozindikira mawondo ali m'fumbi, ine ndikulira.

"Bwana, ndine mayi wamasiye, sindinabepo ngakhale singano! Mundimange ndikabwerako, chonde, ubatizo uli Lamulungu!"

"Imani, ba mayo, imani..." anatero wapolisi.

Ndinali nditasiya kale kumva. Ndinalumphira sutukesi ija n'kuyamba kung'amba mapulasitiki ndi mano. Palibe anandiuza kuti nditsegule. Ndekha ndinayamba kutulutsa chimodzichimodzi, ndikuchikweza m'mwamba ngati pa zopereka za masika.

"Kapenta uyu! Nshawa izi! Chikanda ichi, Agnesi anati amachilota! Mthiko uwu!"

Pakati penipeni panali mphika wachitsulo wa miyendo itatu, umene malemu amayi anga anachoka nawo ku Dedza pobwera kudzakwatiwa kumigodi. Ndinkafuna ndikaupereke kwa Agnesi. Ndinaukoka ndi manja awiri.

"Chimene chinalira ndi ichi, bwana! Onani, mulibe waya!"

Ndinavundukula chivundikiro. Ndinaiwala chinthu chimodzi. Bana Chanda anandiuzanso kuti polongedza pasamatsale mpata, zing'onozing'ono zizilowa m'zazikulu. Mumphikamo ndinali nditapanikiza zovala zanga zonse zamkati, zazikuluzikulu zamaluwa zija. Zinafufuma ngati mtanda wa buledi, ziwiri n'kugwera pamapazi a wapolisi.

Pampanda panabuka nthungululu.

"Size yabwino, amayi!"

Wapolisi anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Mayi wa faelo anabisa nkhope m'mapepala ake, mapewa akugwedezeka. Atapezako mpweya anabwera kudzandidzutsa, n'kundisasa fumbi pachitenje.

"Amayi, ise sitinabwelele imwe. Tabwelela sikelo iyi. Banthu badandaula maningi kuti ibadyela ma kg. Tenze kuganiza kuti mwabwela kugulisa vinsimbi, muzankhala mboni yathu. Manje imwe mwayamba kukamba vinthu voyofya!"

Wapolisi anapita kugalimoto n'kubwera ndi chitsulo chopimira, cholembedwa makilo twente. Anachiika pasikelo. Muvi unakwera, unakwera, n'kuima pa fifitini. Anthu anakuwa, ena akuloza Ba Jairosi, ena akutchula masaka awo amene anagulitsa chaka chatha.

"Mwaona? Sutukesi yanu ija si twenty-two," anatero mayi uja. "Ili pafupi na thirty."

Ndinakhala pansi kachiwiri, nthawi ino pa tayala lakale. Ndikanapita nayo choncho ku airport, ndikumwetulira!

"Mulandu mulibe, ba mayo," anatero wapolisi, akundipatsa zamaluwa zija atazigwira ndi nsonga za zala. "Koma ndeke simuzakwela na mphika iyi."

Ndege ndinaikwera Lachitatu, ndipo mdzukulu wanga ndinamugwira m'manja pa ubatizo. Mphika unatsala ku Kasanda. Koma mawu amene amandibwererabe ndikagwada kuti ndipemphere ndi a Ba Jairosi. Sikelo yawo ikukwezedwa m'galimoto, iwonso akuuzidwa kuti akwere, anapeza mpata wondinong'oneza:

"Ba mayo, ngati mphika muisiya, nizagula. Nikaiona so, ni two kg chabe."

Abale anga, mukafuna kudziwa kulemera kwa katundu wanu, musakafunse munthu amene ntchito yake ndi kugula.