Ndinapalira chipululu cha madamu

Mpaka lero munthu akatchula dimba, ndimasintha nkhani msangamsanga. Ndikuuzani chifukwa chake, koma zisakamveke kwathu ku Ntcheu, poti kumeneko amanditama kuti khasu ndimalidziwa.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Mankhool, kwa mayi wina wachiarabu wokonda mbalame. Mwezi wa Okutobala, dzuwa la Dubai litayamba kuleza mtima, madamu anabwera ndi mbande. Anazibzala okha Lamulungu ine ndili kutchalitchi, Lolemba m'mawa n'kunyamuka ulendo wa ku Abu Dhabi kwa mchemwali wawo. Potuluka anangoti, "Usamale dimba langa."

Nditazungulira kuseri ndinagwira pakamwa. Dimba lake liti? Timitengo taminga, tiudzu totuwa, tizitsamba tooneka ngati tadwala chaka chonse. Ndinati anthu olemerawa tchire lawalowera pakhomo osadziwa. Ndinamanga chitenje m'chiuno n'kupalira zonse, mbee! Ndinaundanso timizere tiwiri (mwana wa mlimi sasintha), zinyalalazo n'kukataya m'bini yaikulu ya pamsewu.

Masana foni inalira. Anali madamu.

"Ana anga a m'dimbamo ali bwanji? Kaminga kaja ndi ghaf, mtengo wa makolo athu. Zinazo ndi zomera za m'chipululu mwathu muno, ndavutika kuzipeza. Ndikufuna njuchi ndi mbalame zibwerere pakhomopo."

Ndinayankha kuti ali bwino. Ndinadziona ndikutsika ndege ku Lilongwe ndi kachikwama kamodzi, visa itafafanizidwa, ana anga awiri atakhala pakhomo osapita kusukulu. Ndinaimbira Esinati, mnzanga wa ku Chipata amene amalera ana ku Al Nahda, n'kumuuza zonse.

"Mwazula ghaf?" anakuwa. "Asisi, mtengo umenewo boma limauteteza! Mufuna mukagone ku polisi? Yalla, fulumirani, thamangirani ku bini galimoto ya zinyalala isanabwere!"

Ndinathamanga. Bini ija imandifika m'khosi, choncho ndinakwera pa ndowa n'kuweramira m'kati. Ndowa inaterereka. Ndinagwera chamutu pa makoko a mavwende ndi mitu ya nsomba, miyendo m'mwamba. Mlonda wa nyumba yoyandikana nafe, bambo wa ku Pakistan, ndiye anandikoka mapazi (Mulungu amudalitse, sanaseke mpaka nditalowa pageti).

Ndinabzalanso zonse. Zina sindikudziwa ngati mizu inaloza pansi. Kenaka, chifukwa cha mantha, ndinayamba kuzithirira m'mawa, masana ndi madzulo ngati tomato. Kani zomera za m'chipululu zimadana ndi madzi ambiri! Pofika Lachitatu zambiri zinali zitawola.

Galimoto iliyonse yoima pageti ndinkati ndi apolisi. Zovala zanga ndinazilongedzeratu.

Lachinayi madamu anafika. Anayendera dimba lonse, ine ndili pambuyo pawo, thukuta kamukamu. Anagwiragwira ka ghaf kaja, kamene kanali katapulumuka, n'kundiitanira pakhonde. Ndinagwada asanandifunse kanthu.

"Madamu, ndalakwa. Ndinkayesa ndi tchire."

"Ndikudziwa," anatero, akutulutsa foni.

Abale, pageti paja pali kamera. Ndinadziona ndikuyenda monyadira nditasenza mbande za eni ake. Kenaka ndinaona miyendo iwiri ikupalasa m'mwamba pa bini, chitenje chili kumutu.

"Nditaona koyamba ndinalira," anatero madamu. "Ndinafuna ukwere ndege tsiku lomwelo. Koma mchemwali wanga waonera mobwerezabwereza mpaka nthiti kumupweteka. Akuti munthu wolowa m'bini chifukwa cha mtengo sachotsedwa ntchito. Khalas, zatha, dzuka. Loweruka tikagula zina, ndipo ubzala ndiwe."

Tinabzaladi, ndipo njuchi zinabwera. Koma dzanja langa likuopabe kuzula chilichonse. Panopa pafupi ndi mpopi pamera chiudzu chondifika m'chiuno. Madamu anena kawiri konse kuti n'chachabechabe, ndichizule. Ine ndawayankha mwaulemu kuti andilembere papepala, asayine.