Mabotolo a Ubwenzi

Lolemba
Sabata yamawa ndikukagonekedwa kuchipatala ku Zomba, opareshoni ya m'mimba. Mpunga wanga ku Likangala wangoyamba kutulutsa ngala. Ukasowa madzi, chaka chapita. Ndisiyira ndani?
Pa wailesi akuti ophunzira amayeza mphamvu ya ubwenzi powerenga kuti anthu akumana kangati. Sukulu ndinalekeza ku pulayimale, koma kuwerenga ndimatha. Mabotolo atatu aang'ono ngati chala, oponyamo njere: a Likaka, mnzanga wa ku Chisi, alamu anga a ku Kachulu, a Namakhwa oyandikana nawo munda. A Namakhwawo angokhalapo poyerekezera, sitimwerana madzi.
Malamulo:
moni, njere imodzi ya chimanga
kucheza, ziwiri
kundipatsa kanthu, zisanu

Lachiwiri
A Namakhwa atseka ngalande yanga ndi chibuma. Tikukangana mpaka dzuwa paliwombo. Kodi kukangana n'kucheza? Wailesi sinanene. Ziwiri.

Lachitatu
Ku Kachulu. Alamu akuti "Muli bwa," maso ali pa matemba awo. Moni wa theka. Ndikuluma njere pakati kuti ndisawabere. Dzino langa!
Pobwerera, a Namakhwa. Takangananso. Ziwiri.

Lachinayi
A Likaka zii, foni yawo sikupezeka. Munthu tinakulira limodzi, botolo lake mbee.
A Namakhwa andigenda ndi chibuma chija. Chafika m'manja mwanga, ndiye kuti andipatsa kanthu. Malamulo ndinaika ndekha. Zisanu.

Lachisanu
Akazi anga, amake Gire, apeza mabotolo kuseri kwa nkhokwe. Ndikuwafotokozera bwinobwino, mwaulemu. Iwo: "Nanga langa lili kuti?"
Sindinaliganizire. Ndiwo lero zilibe mchere.

Loweruka
Nkhuku zagwetsa botolo la alamu. Chibale chonse chadyedwa, theka la njere lija.
Ndikuthira njere mobera mwa a Likaka. Ndikuzichotsanso, mawa n'kutchalitchi.
A Namakhwa akuti mzere wanga wa mpunga ndi wokhota ngati mwini wake. Ziwiri. Mimba ikupweteka.

Lamulungu
Zotsatira: a Likaka palibe, alamu ali m'mimba mwa nkhuku, a Namakhwa botolo lofika m'khosi.
Tikuweruka kutchalitchi, ndikupita kwa a Namakhwa chipewa chili m'manja. Sindinamalize n'komwe kupempha.
"Pitani akakung'ambeni, achimwene. Madzi ndizitsegula ine. Mpunga wanu ukauma ndizikangana ndi ndani?"
Andipatsanso nthochi zodya m'minibasi. Zisanu, koma m'botolo mulibe malo.
Amake Gire akulongedza zovala zanga. Ndatsuka botolo lachinayi, lalikulu la mafuta ophikira. Akuti ndachedwa.