Piyano ya a Chiphaliwali

A Chiphaliwali, mphunzitsi wa Chifalansa ndi piyano, sankakonza cholakwa ndi pakamwa ayi. Wophunzira akapotoza liwu, iwo ankangogwetsa zikhatho zonse pa piyano, kumanzere kuja kolira mobangula, mawindo n'kuchita kunjenjemera. Mpaka alonda a pageti ankadziwa kuti wina waphonya.

Amene adazilawa kwambiri ndi mayi amene pano akuphunzitsa Chifalansa m'chipinda chomwecho. Ali mtsikana, mkuluyo adamutcha Zalazouma.

"Aphunzitsi, ndangopereka moni chabe!"

"Moni wakoyo wapha Mfalansa mmodzi. Bwereza!"

Koma ndi iwo omwewo ankamukhazika pa piyano anzake ataweruka, n'kumamuwongola chala chimodzichimodzi, akumugawira buledi wa m'thumba la jekete.

Tsiku lina mkulu wa koleji adalowa ndi alendo, n'kufuna kudzionetsa ndi ka Chifalansa kake kotola m'njira. Asanamalize chiganizo, piyano idabangula. Alendo adaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwandichititsa manyazi, bambo!"

"Si ine, bwana. Piyanoyi simva maudindo."

Mkuluyo adazisunga kukhosi zaka zonsezo. Pamaliro a a Chiphaliwali ndiye adalira kuposa amasiye, ati mzati wa koleji wagwa. Bodza lamkunkhuniza! Dothi la pamanda lisanaume, adathetsa maphunziro a piyano n'kutuma amuna onyamula katundu kuti akaichotse, ati m'pakonapo payikidwe kabati ya mafayilo.

Zalazouma, amene panthawiyi anali kale mphunzitsi pakolejipo, adaima pakhomo atatambasula manja, mtima ukuwira.

"Mwatumidwa ndi ndani?"

"Ndi abwana, mayi. Ife tilibe mlandu."

"Bwanji sadabwere okha mwini wake ali moyo? Amantha!"

Ataona kuti salimba nawo, adakhala pampando n'kuyamba kuimba kanyimbo kofatsa kamene a Chiphaliwali ankakonda kuimba ophunzira akatuluka. Zala zidakana kawiri, misozi ili chuchuchu, koma adakamaliza. Amuna aja adavula zipewa n'kudikira mwaulemu. Kenako adavalanso zipewazo, n'kusenza piyanoyo.

Pano piyano ili m'shedi ya kuseri kwa khitchini, pansi pa lata lodontha, pakati pa mipando yothyoka miyendo. M'makonde muli zii, ophunzira amayasamula, ndipo mkulu wa koleji amati tsopano kuli mtendere. Mayiyo akamva mawu amenewo amangoluma mano. Amamusowa mphunzitsi wake uja, ndipo zimamupweteka kuti palibenso wina wokwiya naye limodzi.

Dzulo wophika wina adamuimitsa panjira.

"Mayi, m'piyano muja mwaswana makoswe. Akamathamanga imachita kulira yokha. Tithire mankhwala?"

"Asiyeni," adatero Zalazouma. "Ndi okhawo pakoleji pano amene akuphunzirabe piyano."