Chigumu chodinda pa jeke ya fodya

Kwa apongozi anga ku Ntcheu, mpaka lero, ndikapereka chakudya chilichonse chochokera kwathu pamapezeka wina woyamba wachinunkhiza kaye. Sachita mwamwano ayi. Amangoweramitsa mutu pang'ono ngati akupemphera. Ine ndimaona, koma sindidandaula. Ndinaziyamba ndekha.

Ndinakulira m'manja mwa agogo kumudzi kwathu kufupi ndi Chamama, makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Zambiri zimene ndimadziwa sindinafunse munthu, ndinkangoima pambali n'kumayang'ana manja a eni ntchito. Njira imeneyi ndi yabwino ndithu, kungoti umaona zimene munthu akuchita osadziwa polekezera pake.

Nditamaliza sukulu ndinagwirako ganyu yotsuka mbale pa loji ina ya alendo odzaona nyama kupaki. Wophika wa pamenepo ankapanga chakudya china chimene alendo ankaponya m'zikwama popita kutchire. Ankasakaniza otsi (timbewu tophwathalala tija ena amaphikira phala), mtedza wokazinga, uchi, shuga ndi majarini, n'kuthira m'thireyi, n'kudinda ndi kunsi kwa poto, kenako n'kuotcha. Chikazizira ankachidula tizidutswa. Dzina lake lachingerezi linkandikola pakhosi, choncho ine ndinkangoti chigumu cha otsi. Sichinkasasa, sichinkanyenyeka, munthu ankatha kuyenda nacho masiku. Pa zonsezo, mawu amene ndinamva kukamwa kwa wophikayo ndi ochepa. Tsiku lina akudinda anauza mnzake kuti chinsinsi chake n'kudinda basi. Ine ndinawasunga mawuwo ngati vesi.

Kenako kunabwera Yamikani, mphunzitsi wa papulayimale yakwathu, kwawo ku Ntcheu. Nkhani itafika pa ukwati, anati patchuthi cha Isitala tipite ndikaonekere kwa makolo ake. Anandichenjeza kuti bambo ake ndi mkulu wa mpingo, ndipo mpingo wawo suloleza mowa kapena fodya, ngakhale kumugwira kumene. Zimenezo sizinandiopse. Chimene chinandilasa ndi china chimene chinamupulumuka tikucheza. Mayi ake akuti ananena kuti atsikana a ku Kasungu amadziwa kusoka fodya osati kuphika, komanso kuti mwana woleredwa ndi agogo amakhala wosasatitsidwa. (Yamikani ananena izi akuseka. Amuna ena sadziwa nkhani zosekera.)

Za ine ndekha ndikanazimeza. Koma pamenepa ankanena agogo, amene anandilera ndi ndalama za mandasi ndi kamunda kamodzi. Ndinatsimikiza mtima kuti ndikaika patsogolo pa mayi amenewo chinthu chimene sanachionepo, kuti akadziwe kuti m'nyumba ya agogo munatuluka munthu.

Agogo anati ndinyamule dengu la mtedza ndi nkhuku ngati mmene amachitira aliyense. Ndinayankha kuti nkhuku ikhoza kufera m'basi, ulendo ndi wautali.

"Chita zako," anatero. "Koma usakandichititse manyazi kwa Angoni."

Otsi ndinakagula kuboma, m'sitolo yaikulu. Uchi ndinapeza kwa bambo wina woweta njuchi m'mphepete mwa paki. Uvuni tilibe, ndiye ndinachita monga timaotchera chigumu wamba, makala pansi, makala pamwamba pa chivindikiro cha lata.

Choyamba chinatuluka chonunkhira bwino, koma nditachikhudza ndi mpeni chinangoti mbwee. Nkhuku za agogo zinadya Isitala isanafike. Chachiwiri ndinachidinda ndi mtondo wotembenuza, ine n'kukhalapo pamwamba. Chinagwirana ndithu, koma nditachikulunga m'nsalu n'kuchigwedeza monga basi imachitira pamabampu, chinasanduka zinyenyeswa. Agogo anadya zinyenyeswazo ndi supuni n'kunena kuti phala ndi labwino. Otsi anatsala ongokwana ulendo umodzi.

Inali nyengo yodinda fodya. M'mawa wotsatira ndikuotcha chachitatu, ndinkamva jeke ya amalume ikulira kuseri kwa chigafa chawo choumitsira fodya. Kwa amene simunalimepo fodya, jeke ndi chitsulo chopotokola chimene chimakanikiza thabwa m'bokosi lalikulu mpaka mulu wa fodya wofika m'chiuno usanduke belo lolimba ngati mwala. Ndinaima ndi thireyi yanga yotentha m'manja, mawu a wophika aja akulira m'mutu. Kunsi kwa poto kunadinda pang'ono. Mtondo unadinda kwambiri. Nanga jeke?

Ndinkayembekeza kuti amalume andithamangitsa. Kukanakhala bwino akanatero. Koma amalume ndi munthu amene amakonda jeke yake kuposa njinga yake, ndipo atamva vuto langa maso awo anawala.

"Mwana iwe, wabwera pakhomo poyenera. Cholowa umu sichiphwanyika mpaka ku okushoni."

Thireyi tinaikulunga m'chiguduli chimene chinkaoneka choyera. Poona kuti bokosi ndi lalikulu ndipo thireyi ikhoza kupindika, amalume anayala fodya pansi ngati khushoni, n'kuika thireyi, n'kuyalanso fodya wina pamwamba. Anasankha wabwino, wa masamba apakati, poti zinali za apongozi. Kenako anapotokola. Anapotokolanso. Ndinamva kachinthu kakuti tswii mkatimo, amalume n'kunena kuti umenewo ndi mpweya ukutuluka. (Unali uchi. Unkatuluka kukakumana ndi fodya, n'kubwerera limodzi.)

Tinagwirizana kuti chikhalemo pang'ono chabe. Koma posakhalitsa kunabwera uthenga wa maliro kumudzi woyandikana nawo, amalume n'kunyamuka, atatsekera chitsulo chopotokolera jekeyo m'nyumba kuopa akuba. Chigumu changa chinakhala m'kati mwa belo, chofunda, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka.

Titachitulutsa chinali chokongola, sindinama. Chopyapyala, chosalala, chonyezimira ngati thabwa lopaka vanishi. Mpeni unakana, tinadula ndi chikwanje. Ndinagwetsa chidutswa chimodzi pansi dala, chinangodumpha osathetheka ngakhale pakona. Ndinanyambita kakona kena n'kumva kuwawa pang'ono kumapeto kwa lilime, koma ndinati ndi uchi wa kutchire, umatero nthawi zina. Sindinalole aliyense kulawa, kuopa kuchepetsa mphatso.

Mwina mukufunsa kuti nanga fungo sindinalimve? Kwathu mwezi wa Epulo chilichonse chimanunkha fodya. Zovala, mabulangete, tsitsi, madzi a mumtsuko, ngakhale makanda. Mphuno zathu zimakhala patchuthi mpaka msika utatsekedwa. Yamikani nayenso anali atakhala kwathu zaka zokwanira kuti mphuno yake ikhale ya ku Kasungu.

Zinayamba kuonekera titadutsa Lilongwe. Mayi wina amene anakwera kumene anakhala pambali panga, n'kutsegula zenera, n'kufunsa mokweza kuti ndani akusuta m'basi muli ana. Kondakitala anati palibe akusuta, koma alipo wina amene akupita ndi belo kukagulitsa kutsidya kwa malire, ndipo tikafika pa rodibuloko adziwonera yekha. Anthu anaseka n'kumayang'anana. Inenso ndinatembenuka kufunafuna munthu wopanda manyaziyo, chikwama changa chili pamiyendo.

Tinafika masana. Ndinagwada, ndinapereka moni bwinobwino. Pakhonde panali bambo ake a Yamikani, mayi ake, ndi agogo ake aakazi, aNangondo, gogo wamng'ono thupi wopanda dzino ndi limodzi lomwe. Moni utatha ndinatulutsa phukusi langa n'kupereka ndi manja awiri, ndikufotokoza motsitsa mawu kuti ndapanga ndekha.

Mayi anamasula nsalu. Ndinaona mphuno yawo ikugwedezeka kawiri. Anaika zidutswa m'mbale n'kubweretsa madzi otentha a mandimu. Bambo anapemphera, kuthokoza chifukwa cha manja amene anakonza chakudyacho, kenako anatenga chidutswa chachikulu.

Kuluma koyamba kunalephera. Anachisamutsira kumano a m'mbali, n'kugwira ndi manja onse awiri, mpaka chinamveka kuti gwa. Anatafuna nthawi yaitali. Munthu waulemu uja anameza, n'kunena kuti n'chachilendo ndithu, ndipo pofuna kundilimbitsa mtima anamaliza chidutswa chonsecho n'kutenganso china. Yamikani ankatafuna chake misozi ili m'maso, akundimwetulira ngati munthu amene waponda minga kutchalitchi. Mayi anangonyema kakona, n'kukaika palilime, n'kukabweza m'dzanja.

Sipanapite nthawi, thukuta linayamba kutsika pamphumi pa bambo. Anamasula batani la pakhosi. Anaimirira, n'kukhalanso pansi msanga. Anafunsa mkazi wawo ngati nawonso akuona kuti khonde likuyenda. Kenako anapempha mkeka kuti agone kaye pang'ono pamthunzi.

Phokoso linali limodzi lokha, la aNangondo, amene ankayamwa chidutswa chawo ngati siwiti, maso ali chitsinzinire, mutu ukugwedezeka pang'onopang'ono. Ndi iwo amene anaswa bata.

"Fodya ameneyu ndi wa chaka chino," anatero mosangalala. "Wa masamba apakati."

(Ndinamva pambuyo pake kuti gogoyu anasiya fodya wa m'mphuno mwana wawo atasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo sanasiye mwakufuna kwawo.)

Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Mayi ananditembenukira, osakwiya, osaseka, n'kufunsa funso lomwe ndinkaliopa kuyambira kwathu.

"Mwana wanga, ndi agogo anu anakuphunzitsani kuphika chonchi?"

Ine amene sinditha kuyankhula mizere itatu yotsatana pagulu, tsiku limenelo ndinalalikira. Ndinafotokoza za wophika wa ku loji, za nkhuku zimene zinadya choyamba, za mtondo, za amalume ndi jeke yawo, za maliro, zonse. Ndinati agogo sanakhudzeko ngakhale supuni, ndipo iwo anandiuza kuti ndinyamule mtedza ndi nkhuku, ine n'kukana. Mayi anafunsa ngati nkhukuyo inali yaikulu. Ndinati inali tambala. Anapumira m'mwamba, ngati akumulira tambalayo.

"Ndiye kuti agogo anuwo ndi munthu wolongosoka," anatero. "Vuto ndi inuyo."

Sindinamvepo mawu onyoza okoma chotero. Ndinatsala pang'ono kuwathokoza.

Pansi pa mtengo panamveka kuseka kofooka. Bambo, ali chigonere, nsalu yonyowa pamphumi, ankafunsa Yamikani kuti belo limeneli likanapita ku okushoni likanagulidwa pa giredi yanji. Anawonjeza kuti zaka zonsezi akhala akuchenjeza achinyamata za fodya osamudziwa, tsopano azilalikira zimene anaziona. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti nkhaniyi isafike kwa akulu anzawo. Madzulo anali atadzuka, ndipo anadya bwino chakudya chimene ndinaphika mayi ataima pambali panga, akuyang'ana chilichonse chimene ndinkaponya mumphika.

Zotsala zija mayi analamula kuti zikatayidwe kudzala. ANangondo anadzipereka kuti akataye okha, poti ana angatole. Ndinawaona akuzungulira kuseri kwa nyumba ndi mbale, ndipo ndinawaonanso akubwera mbale ili yopanda kanthu, mfundo ya chitenje chawo itatupa. Anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana, ubale wathu n'kuyambira pomwepo.

Nditabwerera kwathu ndinawauza agogo zonse ndili chiweramire. Funso lawo linali limodzi, ngati ndinanena momveka kuti iwo sizikuwakhudza. Nditavomera, anaseka mpaka kutsokomola, n'kutenga ndowa kupita kumjigo ngakhale madzi anali odzaza m'nyumba. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Amalume okha ndi amene sanaone choseketsa. Iwo ankangofunsa aliyense kuti, kodi chinaphwanyika panjira? Sichinaphwanyike.

Ukwati unachitika chaka chomwecho, ndipo ku Ntcheu anandipatsa dzina loti Najeke, limene ngakhale ana anga amalidziwa. Chigumu cha otsi ndinachiphunzira bwino pambuyo pake, nditachita chinthu chimene ndinkayenera kuchita poyamba, kufunsa. Kudinda ndi kunsi kwa kapu n'kokwanira, bola uchi ukhale wochuluka ndipo uchisiye chizizire chisanadulidwe. Masiku ano ndikapita nacho, bambo amadya mosaopa, mayi amatengako china kukagawira anzawo.

ANangondo okha ndi amene amadandaula. Amati dzanja langa linaguga, chigumu cha masiku ano sichikoma ngati choyamba chija. Ndiye nyengo yodinda ikafika ndimapita kuseri kwa chigafa cha amalume ndi kathireyi kakang'ono, kokwana munthu mmodzi. Amalume safunsa. Amangosankha wa masamba apakati.